Bokosi la pa Chigayo cha Filipo

Filipo anali mkamwini, ndipo mkamwini akakhala ndi chigayo mudzi umamuyang'ana ndi diso lofiira. Magetsi a m'mudzimo ankapangidwa ndi kamtsinje kotsika m'phiri la Mulanje, ndipo anali ochepa ngati ndiwo za pamaliro. Filipo akangoyatsa mota ya chigayo, mababu onse ankazilala, mafiriji n'kuyamba kubuula. Tsiku lina firiji ya Estele, mkulu wake wa mkazi wa Filipo, inapseratu.

Spencer, wokonza magetsiwo, anabwera ndi bokosi lachitsulo lokhala ndi zipangizo zamagetsi zotchedwa makapasita. "Motayi imakoka mphamvu ina yongopita n'kubwerera m'mawaya, yosagaya ndi njere imodzi yomwe," anatero. "Bokosili liziipatsa mphamvuyo pompano kuti mawaya apume."

Mababu anasiya kuzilala. Koma wothokoza ndani? Anthu anangoona kuti pakhoma la chigayo pabwera bokosi lotseka ndi loko, ndipo Estele anayenda nayo nkhaniyo khomo ndi khomo: mkamwini uja tsopano ali ndi nkhokwe yosungiramo magetsi akuba.

Estele anabwera ndi khamu la anthu masana, chigayo chili mkati mogaya. Spencer n'kuti atapita ku Chonde. Filipo anazimitsa mota n'kuima pakhomo, ufa uli mbuu kumutu. Mantha anali nawo, koma mkwiyo ndiwo unachuluka.

"Kodi mababu anu akuzilalabe?" anafunsa.

"Azilala bwanji poti mwakhuta kale?" anayankha Estele. "Tsegulani bokosilo tione zimene mwabisamo. Mkamwini asamakule mwendo, alamu."

"Mukalichotsa, Spencer adula waya wa chigayo. Ana anga adya chani?"

"Ana ndi athu amenewo. Adya kwathu."

Filipo anaponya maso m'khamumo kufunafuna Rosie, mkazi wake. Rosie ankadziwa zoona zake, pakuti analipo pamene Spencer ankafotokoza, ndipo anafunsa mafunso kuposa mwamuna wake. Akanangoyankhula iye, mwana wa pamudzipo, anthu akanamva.

Rosie anatulukiradi, akuchokera kunyumba kwawo. M'manja anali atanyamula hamala ya Filipo yemweyo. Anaipereka kwa Estele osamuyang'ana mwamunayo kumaso.

"Rosie, iwenso?"

"Ine ndikhala ndi anthu amenewa mpaka kumanda, a Filipo," anatero motsitsa mawu. "Inu muli ndi kwanu."