Tsiku Limene Thorfinn Anagwa

Kwathu ku Kirkwall munthu susankha mbali. Banja lako likakhala la Kumtunda ndiwe wa Kumtunda, likakhala la Kumunsi ndiwe wa Kumunsi mpaka kufa. Ine Erlend ndine wa Kumunsi. Pa Khirisimasi ndi pa Nyuwere amuna oposa mazana awiri timalimbirana mpira umodzi wachikopa m'misewu, ife kuukankhira kudoko, iwo kuukankhira kukhoma lawo. Mbali ikapambana, mpirawo amaupereka kwa munthu mmodzi amene wauvutikira zaka zambiri, iye n'kukaupachika pawindo pake. Sudzitchula wekha. Anzako ndiwo amakuwa dzina lako.

Ine ndinali nditasewera nawo mpirawu zaka khumi ndi zitatu. Dzino limodzi ndinalisiya pakhoma la sitolo ya nsapato, ndipo bondo lamanzere limandiuza za mvula isanagwe.

Thorfinn ndinamulowetsa m'masewerawa ndine. Tinakulira msewu umodzi. Bambo ake atamira ndi boti lawo la nkhanu, iye anadzitsekera m'nyumba pafupifupi chaka, makatani otseka, foni osayankha. Ndinkagogoda tsiku lililonse ndikaweruka kugalaja. Khirisimasi itafika ndinamuponyera nsapato zanga zakale pamiyendo.

“Dzuka aise. Bola ukapondedwe ndi anthu kusiyana n'kuwolera pampandopo.”

Anapita. Anatuluka m'khamumo mphuno ikuchucha magazi, akuseka koyamba chichitikireni maliro.

Anachira, ndipo ndinakondwa. Chaka choyamba ndinakondwadi. Koma anthu anayamba kumukonda mopitirira. Tikalowa m'bala umangomva, “Thorfinn, khala apa,” ine n'kumadzisakira ndekha mpando. A Harcus, mkulu amene amatiuza kokankhira, ankamugwira paphewa polankhula naye. Ine zaka zonsezo sanandigwirepo. Kutatsala sabata kuti Nyuwere ifike ndinawamva akuuza mnzawo kuti, “Tikapambana, mpira ukhoza kupita kwa mwana wa malemu uja.”

Munthu wosewera zaka zisanu ndi ziwiri basi, wolowa ndi nsapato zanga.

Tsikulo mpira anauponya nthawi ya 1 koloko masana. Pofika 3 koloko tinali titapanikizana m'kanjira kopapatiza, nthunzi ikufuka pamitu ngati pakhola la ng'ombe. Mmenemo mapazi sagunda pansi bwino, nthiti za mnzako umazimva pa zako. Malamulo kulibe, kupatula chimodzi chimene aliyense amasunga: munthu akagwa, womuona amakuwa kuti “Wagwa!” ndipo mbali zonse zimasiya kukankha mpaka amudzutse.

Thorfinn ndinamuona akutsika. Phazi lake linakodwa, mutu n'kumira pakati pa mapewa a anthu, maso ake ali pa ine. Ndinatsegula pakamwa, mawu a Harcus aja n'kundibwerera. Ndinapuma kamodzi. Kawiri. Katatu. Khamu linasunthira pamwamba pake. Ndipamene ndinakuwa.

Anamutulutsa atatuwa, akupuma movutikira. Anakana kupita kuchipatala, anangokhala pakhonde la munthu atafunda jekete la mlongo wake Inga.

Dzuwa likulowa tinaugwetsera mpira m'madzi a padoko. Anyamata analumphiramo, n'kuutulutsa, mkangano n'kuyamba. Ena ankakuwa dzina langa, ambiri ankakuwa la Thorfinn. Kenako iye anafika, Inga atamugwirira. Mawu ake sankatuluka bwino, moti a Harcus anachita kukweza dzanja kuti anthu atonthole.

“Mukufuna kundipatsa chifukwa ndathyoka lero?” anatero Thorfinn. “Erlend wakhala akuthyoka zaka khumi ndi zitatu. Taonani nkhope yakeyo. Mpatseni mpirawo, mwina angapezereko mkazi.”

Anthu anaseka, n'kundinyamula m'mapewa, mpira uli m'manja mwanga ukudontha madzi.

Wotenga mpira amatsegula chitseko cha nyumba yake kwa onse. Amayi anaphika supu mphika wathunthu, mowa unalipo wokwanira. Anthu anabwera ndithu. Aliyense ankaugwira mpirawo, kumwa botolo limodzi, n'kufunsa kuti, “Za Thorfinn wamvapo chiyani?” Kenako ankavala jekete kulowera kuchipatala, kumene Inga anali atamutengera. Supu asanazizire ndinatsala ndi amayi ndi anyamata awiri a Kumtunda amene anangotsata mowa waulere.

M'mawa ndinapita ndi mpirawo kuchipatala. Nthiti zitatu zinali zitathyoka. Patebulo pake panadzaza mabisiketi ndi makadi, ena ochokera kwa a Kumtunda enieniwo. Ine mmene ndinathyola bondo anabwera ndi amayi okha.

Ndinauika mpirawo pabulangete.

“Ndi wako uwu.”

“Chotsa aise, ukulemera. Ukufuna uthyole yachinayi?”

“Ndinakuona ukugwa. Sindinakuwe msanga.”

“Ndikudziwa. Ndinkakuyang'ana. Pakamwa unatsegula ngati nsomba ya pambedza.”

“Nanga dzina langa unalitchuliranji?”



“Ndili pansi paja ndinakwiya nawe, usaganize kuti ayi. Mpaka pano ndikatsokomola ndimakutukwana. Koma pachitseko changa paja unagogoda chaka chathunthu, enawa ali kwawo. A mabisiketiwa anandidziwa nditatuluka kale.”

“Uwauza a Harcus?”

“Ukawauze wekha ngati ukufuna. Ine ndili ndi ntchito yopuma.” Anaukankha mpirawo ndi zala. “Chaka chamawa uime pambali panga pompaja. Koma ukadzaona ndikutsika, usadzawerengenso.”

Sindinawauze a Harcus. Kawiri ndafika pageti pawo n'kubwerera.

Mpirawo uli pawindo panga, mbali yoyang'ana kumsewu. Anthu akamadutsa amaima n'kuuyang'ana, ine n'kutuluka kuti andifunse za tsikulo. Amandigwira chanza bwinobwino.

“Mnzako uja ndi munthu,” amatero. “Nthiti zija zikugwirana?”