Utsi wa m'Botolo wa Ba Nsama

Mvula ya ku Kanyama sigogoda pakhomo. Imalowa ngati mlamu wopanda ntchito, n'kukhala pansi, n'kuyamba kuyendera katundu. Sabata imeneyo inalowa kwa Ba Nsama n'kupeza thumba la nyama yowamba pa utsi, yochokera ku Kasama pa basi, lili pansi kuseri kwa chitseko. Pofika Loweruka m'mawa nyama ija inali itamera ndevu zobiriwira, moti galu wa aneba anangoinunkhiza n'kubwerera chafutambuyo.

Loweruka lomwelo ndilo linali la chilanga mulilo cha Luse, mwana wa mlongo wawo. Pa mwambo umenewu Abemba amaphika zakudya zonse za kwawo n'kukatula kwa mkamwini kuti aone zomwe azidya m'banjamo. Mkamwini wake, Moven, Mngoni wa ku Chipata, analibe vuto, akanadya ngakhale chikho chopanda kanthu bola chabwera ndi Luse. Vuto linali azakhali a Moven, Ba Tionge a ku Matero, mayi wa lilime loti n'kumetera ndevu. Abemba ndi Angoni ndi pachimbuya, amanyozana mwaufulu popanda wokwiya, ndipo Ba Tionge ufulu umenewu ankaudya ndi manja awiri.

"Mukatiphikire ng'ombe, osati ba kolwe banu," anatero tsiku lodziwana mabanja, kutanthauza anyani.

Ba Nsama anadziguguda pachifuwa anthu onse akumva. "Muzadya nyama yotendera ya utsi mpaka muibale mbeba zanu!"

Tsopano nyama yake ndi imeneyo, yatayidwa kudzala.

"Manje tichita bwanji?" anafunsa Kombe, mng'ono wawo. "Tibauze chabe kuti mvula."

"Kuuza Tionge? Uja akamvera ni Lusaka yonse yamvera, na makondakitala bazayamba kuniimba pa siteshoni."

Anatuma kukagula nyama yaiwisi ku butchala. Koma kuwamba kumafuna masiku, ndipo nkhuni zonse za m'Kanyama zinali kusambira. Malasha amapsetsa mphika, koma fungo la utsi alibe. Ba Nsama anaima pakati pa nyumba, madzi ali m'akakolo, kenaka anakoka mpando n'kukwera. Pamwamba pa kabati, kuseri kwa mbale za Khirisimasi, anatulutsa kabotolo kakuda kotalika ngati chala. Anawapatsa ndi madamu amene ankawagwirira ntchito ku Kabulonga, tsiku lomwe ankalongedza kubwerera kwawo.

"Uyu ni utsi," anatero Ba Nsama. "Utsi weniweni wa nkhuni, banaugwira na kuusandutsa manzi."

"Utsi mu botolo? Mailo bazatigulitsa mphepo mu pulasitiki." Kombe anakatembenuza kabotolo. "Si madamu baja banayenda Luse akali ku koleji? Vinaola ivi. Tizapha Bangoni."

"Unaonapo utsi waola iwe? Madamu banakamba kuti ukatseka bwino na kuubisa ku dzuwa, zaka ziwiri ufika. Olo zipite, suola. Umangokalamba monga mwamuna: dzina likalipo, mphamvu ndiye zichepa."

Komabe anauunika pawindo: munalibe nkhungu, munalibe matope. Atatsegula, nyumba yonse inanunkha ngati khitchini ya udzu, ndipo Kombe anayetsemula katatu. Nkhalambayo inali idakali ndi mano.

Nyama itafewa, nsinjiro zitalowa, Ba Nsama anadonthezamo pang'ono n'kulawa. Anatseka maso. Kasama yense anali mumphikamo, ndi basi yomwe.

Nthawi yomweyo kunja kunamveka phokoso: galimoto yodzanyamula miphika yatitimira m'matope pakona, ndipo dalaivala akuti abwerera. Ba Nsama anathamanga kukamuuza za makolo ake. Kombe anatsala ndi mphika, kabotolo, ndi nzeru zake. Anakumbukira kuti mphamvu zichepa. Iyenso ali ndi mwamuna wachikulire kunyumba, amadziwa kuti nkhalamba imafuna kuithandiza. Anapendeketsa kabotolo mpaka theka.

Ba Nsama atabwerako analawanso, nkhope n'kukwinyika ngati chikwama cha kumapeto kwa mwezi. Zinali ngati anyambita pansi pa mbaula.

"Kombe, mwana wa amayi banga, wachita chani?"

"Nenze kuthandiza."

Wina akanalira. Koma Ba Nsama anaphikira azungu, amwenye ndi maliro a m'Kanyama, ndipo amadziwa kuti mchere ukachuluka suchotsa, umachulukitsa miphika. Anavuula nyama, kuitsuka, kuiphikira nsinjiro zatsopano. Msuzi wowawa uja sanautaye. Anayenda nawo pamiphika yonse ngati wansembe wowaza madzi: kasupuni mu nyemba, kasupuni mu ndiwo zamasamba za chibwabwa ndi kalembula, mu impwa, mpaka nkhuku inalandira dalitso. Kabotolo anakaponya m'chikwama kuti Kombe asakaonenso.

Anafika ku Matero ndi ng'oma, miphika yokulungidwa m'zitenje ili pamitu, matope mpaka m'mawondo. Moven anaonetsedwa mbale imodzi imodzi, akumwetulira ngati wapambana mpira. Kenaka inafika nthawi ya Ba Tionge. Anasamba m'manja pang'onopang'ono, mlomo atauutsa kale kuti unyoze. Anatenga nthuli n'kutafuna. Chete. Anapita ku nyemba. Chete. Ku chibwabwa. Chete. Ba Nsama anayamba kuyang'ana kumene kuli khomo.

"Imwe ba kolwe," anatero Ba Tionge pomaliza, akunyambita chala. "Kanyama yonse ili mu manzi. Nkhuni zouma munazipeza kuti? Ivi vanikumbutsa mbeba za pa lupsa kwathu. Mwayamba kuphika monga banthu!"

Nthungululu zinang'amba denga. Ba Tionge kuyamikira Mbemba! Ena anatuluka kukaona ngati dzuwa lili malo ake.

Koma mphuno ya Ba Tionge sinapume. Inanunkhiza kumanzere, kumanja, n'kukaima pa chikwama cha Ba Nsama, pomwe kabotolo kanali katadontha pang'ono. Pachimbuya palibe kupempha. Analowetsa dzanja n'kukatulutsa.

"Aka ni kamankhwala kogwirira mwana wathu?"

"Ni utsi, mbuya. Wophikira."

Ba Tionge ananunkhiza, anayang'ana miphika, n'kuseka mpaka duku linagwa. "Mbava za Bakasama! Mwaba na utsi! Aka nalanda. Sondo nili na alendo a ku tchalitchi, naine banitamandeko." Anakalowetsa pachifuwa, kumene ngakhale apolisi safika. "Nanga bathira bwanji?"

Ba Nsama anatsegula pakamwa kuti anene zoona, kuti madontho chabe. Kenaka anakumbukira anyani aja.

"Ni wakudala, mbuya, mphamvu zinachepa," anatero mwaulemu, manja ali pamodzi. "Osaumira. Muthire konse."

Kombe, pobisa kuseka, anatsamwa ndi fupa la nkhuku, mpaka anachita kumutulutsa panja.