Mpendero Wodulidwa ndi Lezala

Atelala sankakhulupirira munthu aliyense wovala zoyera. Kwa zaka zisanu ndi zitatu ankamwa mapiritsi a shuga, ija imagwira munthu atakula kale, ndipo mwezi uliwonse kuchipatala nkhani inali yomweyo: kubaya chala, kulemba m'buku, "Wotsatira!"

Kenaka kunabwera namwino wina wamfupi, wa mawu okhuthala. Iyeyu akamaliza kuyang'ana mapazi ankatulutsa katochi m'thumba.

"Tsegulani pakamwa, bambo."

"Shuga yanga ili m'magazi, anesi. M'kamwa mwangamu mwatayamo chiyani?"

Anatsegulabe. Pambali pa lilime panali kachilonda ngati nyemba, kolimba m'mbali mwake.

"Ndi mapini amenewo," Atelala anafulumira kunena. "Telala aliyense amaluma mapini. Ndinayamba kuwaluma inu musanabadwe. Ndipo si inu nomwe mumati bala la munthu wa shuga limachedwa kupola?"

"Timaterodi. Koma khansa ya m'kamwa imapezeka kawirikawiri mwa anthu a shuga kuposa anzawo, ndiye chilonda chosapola sitichiyang'ana ndi diso limodzi. Nayi kalata, adokotala akadule kanyama pang'ono akapime."

Atafika pakhonde pomwe ankasokera, Atelala anapinda kalatayo kanayi n'kuitsendera pansi pa mwendo wa makina umene unkagwedera. Mwezi wotsatira kuchipatala sanapondeko.

"Akufuna andidule lilime kuti ndisamawayankhe," anauza akazi awo.

Loweruka lina namwino uja anatulukira atavala zakunyumba, yunifolomu ili m'manja. Mpendero wake wonse unali utamasuka.

"Ndamva kuti kuno kulibe wina wodziwa kupinda mpendero kuposa inu."

Atelala anauyandikitsa kumaso. Ulusi woduka wokha umanyenyeka. Uwu unali wodulidwa ndi lezala, mosamala, sitichi imodziimodzi. Anangoti kukhosi "mhm," natola mapini kupita nawo kukamwa. Namwino anawagwira dzanja.

"Tiyeni tipangane, bambo. Inu mukuti ndi mapini. Milungu iwiri musalume pini ngakhale imodzi." Anawamanga pamkono kapilo ka nsalu kosokedwa mokhotakhota. "Muzibaya apa. Chikapola, ndidzapepesa pamaso pa makasitomala anu onse. Chikapanda kupola, muchotse kalata yanga pansi pa makinapo."

Kani anali ataiona!

"Kapilo aka anasoka ndani? Ali ndi maso?"

"Ndine."

"Ndiye anthu mumawasoka chonchi?"

"Anthu sadandaula ngati inu."

Atelala anasunga pangano, osati chifukwa chomvera, koma ankalakalaka kuona wovala zoyera akupepesa. Dzanja linkathawira lokha kukamwa, iwo n'kulibweza akutukwana. M'mawa uliwonse ankatulutsa lilime pagalasi loyesera zovala. Tsiku la khumi ndi chinayi chilonda chinali pompo, chitakulako. Anakhala nthawi yaitali osapalasa makina. Kenaka ananyamula mwendo uja, anawongola kalata ndi nsimbi, navala jekete.

Inalidi khansa, koma yongoyamba kumene. Anawadula kachidutswa ka lilime. Adokotala anati akanazengereza miyezi ingapo, ikanafika m'khosi ndipo nkhani ikanakhala ina.

Atachira, mawu ena ankatuluka opindika, koma kudandaula sanasiye. Akazi awo atawauza kuti asoke kapilo kena kooneka bwino, anayankha kuti alibe nthawi, chonsecho kakaleko ankagona nako pamkono akamawodzera masana.

Tsiku lawo la shuga litakwana, analowa m'chipinda cha namwino uja atanyamula yunifolomu yosita bwino.

"Anesi, mpendero uwu ndasoka kawiri. Lezala silingauthe. Mukapeza telala wina wamakani, mukang'ambe diresi lina."

Namwino anaseka, dzanja lili kale m'thumba. Atelala anatsegula pakamwa asanauzidwe.