Kadontho ka Amalume

Lachisanu masana aphunzitsi anga a ku yunivesite anandibwezera kafukufuku wanga ali psuu ndi bolopeni yofiira. Ndinalemba za matelala a ku Malawi osoka zovala kuno ku Durban. Zonse anazikonda, kupatula timawu takumapeto kwa bukulo, tija timaulula kuti mfundo iyi ndinaimva kwa uje. Manambala ake akhale 1, 2, 3, osati ma i ndi ma v. Zilembo zichepe. Ndiye "a" aliyense wa kutsogolo kwa dzina achoke.

"Chilembo choyamba ndi dzina la bambo basi," anatero m'Chingerezi. "H. Rahman."

H. Rahman! Amalume anga enieni a Hamis, amene anandilera pambali pa makina osokera ku Jacobs, ndiwatchule ngati mwana woyamwa? Komansotu anali atanena kuti Lolemba abwera kudzaona dzina lawo m'buku. Ndikakana za aphunzitsi digiri yapita, ndikamvera pakhomo paja sindidzapondaponso.

Loweruka m'mawa ndinatsegula laputopu. Manambala sanavute, kungodina kamodzi onse anatembenuka. Ndinasintha sitayilo ya timawuto, tonse makumi anayi tinafota limodzi ngati nkhwani padzuwa. Koma pa mayina ndi pamene panavuta. Kufufuta, kubwezera, kufufutanso. Nditapsa mtima ndinalemba "a" n'kumenya kadontho, ndipo kompyuta, poti imakonda kulowerera za eni, inakuza chilembocho yokha.

A. H. Rahman.

Ndinakuwa mpaka galu wa aneba anandiyankha. Kwa aphunzitsi, amenewo ndi mayina awiri. Kwa ife, ndi ulemu wathunthu! Ndinavina m'chipinda monse laputopu ili m'manja, kenako ndinagawira aliyense "A." wake: a Mahmoud, a Idrissa, mayi Tereza, osasiya ndi mmodzi yemwe.

Lolemba aphunzitsi anayendetsa chala pa timawu tija, n'kukweza maso.

"Eish, Shamila, anthu akwanu mayina awo onse amayamba ndi A?"

"Yebo," ndinavomera ndikudziluma mlomo. "Akuluakulu onse."

Sindinanametu. Iwo anasaina.

Amalume ndinawapeza pageti la yunivesite atavala mkanjo wa pa Idi, tepi yoyezera ili m'khosi chifukwa choiwala. Pamalo ngati pamenepo Chichewa timachinong'ona poopa kudziwika kuti ndife obwera, koma iwo nditawapatsa bukulo, atapeza tsamba lomaliza anawerenga mokweza mpaka alonda anatembenuka.

"A Rahman! Ndine ameneyu!" Anasendeza magalasi pamphuno. "Nanga kadontho aka pambuyo pa A n'kachiyani?"

"Ndi pogwadira, amalume."

Anaseka mpaka kutsokomola, ine ndikusekanso, bukulo likugwedezeka pakati pathu. Kenako anaika chala pakadontho paja, maso atadzaza misozi.

"Amayi ako akanakhala moyo," anatero, "akanaona kuti sukulu sinakuwongole mawondo."