Fayilo ya Sjoerd

Chidwalireni sitiroko, mawu amene anam'tsalira Sjoerd m'kamwa anali "ayi" ndi "khofi". Mkazi wake, Wiebke, anamva kuchipatala ku Leeuwarden kuti pali pulogalamu yoti wodwala amangodina zithunzi, kompyuta n'kumamulankhulira.

Vuto linali kompyuta ya m'nyumbamo. Sjoerd anaikonza yekha akadali bwino. Mapulogalamu onse amene munthu amawapeza akaiyatsa anali olembedwa mayina m'fayilo imodzi, ndipo chosalembedwamo kompyutayo sinkachidziwa.

Loweruka m'mawa, kunja mvula ikuwaza, Wiebke anakankhira njinga ya olumala ya mwamuna wake pafupi ndi tebulo.

"Zaka zonsezi mumandinyadira kuti n'zosavuta, kungolemba dzina basi," anatero. "Lero tione, akatswiri."

Anatsegula fayilo ija, napeza polemba mayinapo. Kumapeto kwake kunali mawu ena achilendo amene sankaoneka ngati dzina la pulogalamu. Anawafufuta kuti papezeke malo, n'kulembapo dzina la pulogalamu yolankhula ija.

"Ayi," anatero Sjoerd.

"Ayi chiyani? Ndalakwitsa kalembedwe?"

"Khofi."

"Khofi mwamwa kale, bambo inu."

Sjoerd anamenya tebulo ndi dzanja lamanzere, lomwe linkagwirabe ntchito. Wiebke anaganiza kuti akumufulumizitsa. Analemba lamulo loti kompyuta idzikonzenso, monga ankaonera mwamuna wake akuchitira, kenako anaizimitsa n'kuiyatsanso.

Pagalasi panali bii, kachizindikiro kokha kakuphethira pakona. Chilichonse chimene Wiebke ankalemba, kompyuta inkayankha kuti sikuchidziwa. Ngakhale pulogalamu yotsegulira fayilo ija kuti akonze cholakwacho inali itapita. Apa m'pamene anazindikira kuti mawu anafufuta aja ndiwo ankabweretsa mapulogalamu onse oyambira.

Atacheuka, anaona misozi ikutsika patsaya limodzi la Sjoerd. Munthuyo ankadziwa chochita, chonse chinali m'mutu mwakemo, koma pakamwa pankangonjenjemera.

Wiebke anayatsanso kompyutayo. Isanadzuke, panaoneka mizere ingapo yokhala ndi madeti. Sjoerd anatambasula dzanja kuti aloze mzere umodzi, chala n'kuphonya. Katatu konse Wiebke anazimitsa n'kuyatsanso, mpaka anamvetsa kuti asankhe deti lakale. Kompyuta inabwerera mmene inalili dzulo lake, yopanda pulogalamu yolankhula ija.

Anatsegulanso fayiloyo.

"Ndilembe pati? Apa?"

Sjoerd anayang'anitsitsa nthawi yaitali. "Ayi," anatero motsitsa.

"Nanga apa?"

"Ayi."

Wiebke sanadziwenso ngati "ayi" ameneyu akukana kapena akuvomera. Anaimbira mnzake wa Sjoerd wa ku Sneek, amene ankadziwa zoterezi, koma iye anati ali kutchuthi, abwera mwezi wamawa.

Anatseka kompyutayo, napukuta mwamuna wake pachibwano, n'kupita kukam'tengera jekete. Galimoto yopita naye kokalimbitsa ziwalo inali itaima kale pakhomo.