Umboni Woti Desislava Amadziwa Kuvina

Desislava ndi Radomir anayamba kuvina limodzi ali ana ku Plovdiv, ndipo zikho zonse zimene anapambana anazinyamula awiri. Sukulu ina ya zovina ya ku Chicago itawaitana, loya anawalembera mapempho ofanana, opempha chilolezo chimene dziko la Amereka limapereka kwa anthu aluso lapadera. La Radomir linavomerezedwa, iye n'kunyamuka. La Desislava linabwerera ndi funso: zikhozi n'za anthu awiri, nanga umboni woti mkaziyu ali ndi luso payekha uli kuti?

"Ndiye kuti Radomir ankavina ndi tsache?" anakalipa Desislava pa foni.

Loya sanaseke. Anati pakufunika katswiri wodziwika woti amuchitire umboni, ndipo nthawi yoyankhira inali itatsala pang'ono. Radomir naye anaimba foni, mawu ali pansipansi. Mwini sukulu anali atamupezera kale mtsikana wina woyeserera naye. "N'zongoyembekezera, Desi," anatero.

Katswiri wodziwika analipo mmodzi, mayi Tsvetanka, amene anawaphunzitsa onse awiri komanso anaweruzapo mipikisano m'mayiko ambiri. Koma chichokereni Desislava m'gulu lawo, mayiwo anali asanamulankhulepo.

Desislava anawapeza pakhonde la nyumba yawo yosanja akusenda tsabola wowotcha, ndodo yoyendera ili pambali.

"Wabwera kudzatsanzika kapena kudzapempha?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Kudzapempha, aphunzitsi."

"Bola sukunama. Khala pansi."

Anafotokoza zonse, mawu akuthamangitsana. Mayiwo anamvetsera mpaka tsabola anatha m'mbale.

"Akufuna ndilembe kuti ndiwe wapadera," anatero. "Ine apadera ndaonapo awiri. Wina anamwalira, winayo akugulitsa matayala ku Varna. Iwe ndiwe wolimbikira, basi."

"Loya akuti kulimbikira sikukwanira."

"Ndiye loyayo akavine yekha."

Desislava anagwada pasimenti. "Chonde, aphunzitsi. Zaka zandithawa, bondo limatupa ndikangovina. Radomir akazolowerana ndi mtsikana uja, ine ndatha. Ndidzakhala wophunzitsa akwati mavinidwe a paukwati mpaka kukalamba."

"Ine ndakalamba ndikuphunzitsa ana a eni. Ukuona ngati n'zamanyazi?"

Desislava anadzuka, navula nsapato, nalowa m'chipinda chochezera. Anakankhira tebulo kukhoma, nakweza manja ngati wagwira mnzake amene panalibe, n'kuyamba kuvina popanda nyimbo. Malo anali ochepa. Anagunda mpando, bondo linalasa ngati singano, koma sanaime. Misozi inkatsika, iye akuwerenga masitepe chamumtima, mpaka mpweya unamuthera, n'kutsamira khoma.

Mayi Tsvetanka anali ataima pakhomo, atatsamira ndodo.

"Phewa lakumanzere likadali lokwera," anatero. "Nyimbo ikathamanga, Radomir amasokonezeka. Iwe umamubweza ndi dzanja, oweruza osaona. Ine ndinkaona. Zimenezo ndilemba, ndi zina zonse zoona. Koma mawu akuti wapadera sindilemba."

"Mawu amodzi okha, aphunzitsi!"

"Dzina langa n'lodziwika chifukwa sindinanamepo. Ndikanama lero, kalatayo ikhala ya ntchito yanji?"

Analembadi, kalata yaifupi, ndipo loya anaitumiza akung'ung'udza. Desislava anadikira chilimwe chonse. Ankadzidzimuka foni ikangolira, chakudya osachimva kukoma. Radomir anayamba kuimba foni mwa apo ndi apo, kenako anauza Desislava kuti walembetsa mpikisano ndi mtsikana uja, poti mwini sukulu sakanadikiranso.

Yankho linafika masamba atayamba kuyoyoka. Anamukana. Loya anati khomo silinatsekeke, angathe kupemphanso akapambana zikho zina ndi munthu wina, kuti zioneke kuti luso silinali la Radomir yekha.

Loweruka lotsatira Desislava anapita ku holo yozizira ya kuseri kwa siteshoni, kukayeserera kuvina ndi Kaloyan, mwamuna wamtali amene mnzake wovina naye anali atakwatiwa n'kusiya. Asanafike n'komwe pakati pa nyimbo, Kaloyan anamuponda chala, n'kupepesa mpaka makutu kufiira. Desislava anakhala pabenchi, namangitsa nsalu ya pabondo.

"Tipume kaye, achemwali?" anafunsa Kaloyan.

"Ayi," anatero Desislava akudzuka. "Bwezerani nyimboyo. Tiyambirenso."