Chitenje Chodula Mokhota

Sumaiya anakhala pa mpukutu wa nsalu m'shopu ya bambo ake mumsika wa pa Mzimba, sizasi ili pamiyendo. Linali Lachisanu masana. Bambo akewo, a Hemedi, anali atapita kumzikiti, atamusiyira mawu awo a masiku onse: "Maso pa nsalu, osati pa foni."

Koma maso ake anali kumsewu wopita kuchipatala. Kumeneko kunagona Iness, mnzake wa pa desiki imodzi kuyambira Fomu 1. Iness anasiya sukulu ali ndi pakati, ndipo sabata yathayi mwana anabadwa atafa kale. Amayi akuluakulu anakamuika okha mwakachetechete, monga mwa mwambo, namuuza Iness kuti khanda lotere sililiridwa, ukalira sudzaberekanso. Iness anamvera. Sanalire, komanso sanalankhule, ndipo phala linkabwerera momwe lapitira. Anamwino anati thupi lake silipirira nthawi yaitali.

Sumaiya anapitako kangapo konse. Ankangofika pageti, n'kubwerera. Akanena chiyani? Iye amene anakhoza mayeso, amene manja ake sananyamulepo kanthu kolemera kuposa buku?

"Odi muno! Mundipulumutse, asisi."

Pakhomo panaima mayi wovala buluku ndi magalasi akuda. "Ndikupita kwa apongozi ku Manyamula, ndaiwala chitenje. Ndikakalowa chonchi, nkhuku zomwe zikandiseka."

Sumaiya sanafunike kuona nkhope. Mawuwo ankawadziwa kuposa a aphunzitsi ake onse. Anali Mtisunge, woimba uja wa ku Lilongwe, amene iye ndi Iness ankamumvera kuseri kwa kalasi, foni imodzi, aliyense kachingwe kake kukhutu.

Mtisunge analoza nsalu yobiriwira ya mbalame zachikasu. Kudula chitenje si ntchito: umapinda, umaboola pang'ono m'mphepete, sizasi n'kuyenda yokha. Koma lero misozi inamutseka Sumaiya m'maso. Sizasi inasochera, inadula mbalame mapiko, n'kukatulukira kutali ndi mzere.

"Pepani," ananong'ona Sumaiya. "Ndidula china."

"Usayerekeze. Miyendo yanganso si yowongoka, tigwirizana." Mtisunge anadzikulunga chitenjecho akuseka, kenako anavula magalasi. Kuseka kunatha. "Iwe, misozi imeneyi si ya nsalu. Dzina ndani?"

Sumaiya anatchula dzina lake. Ankafuna kuthera pomwepo, koma mayiyo anakoka mpando nakhala ngati munthu wopanda ulendo. Nkhani inatuluka yokha, moduladula, maso ali pansi.

"Iweyo wakamuona?"

"Ndimathera pageti."

"Geti limaluma?"

"Sindidziwa chonena, anti."

"Inenso sindidziwa. Tiye tikasowere limodzi chonenacho."

Mai Kulusumu a shopu yoyandikana, omwe anamva zonse kudzera m'malata, anasuzumira. "Pita, mwana iwe. Shopu ndiona ine, bambo akonso ndithana nawo ndekha."

Panjira anthu sanacheuke n'komwe. Mayi wa chitenje chokhota, woyenda wapansi pakati pa makabaza, angakhale ndani? Pageti Sumaiya anaimanso. Mtisunge anangomugwira chala chaching'ono, monga amachitira ana powoloka msewu.

Muwodi munkanunkha mankhwala ndi malalanje. Iness anagona chopenya kukhoma, atawonda mpaka khosi kuoneka ngati la mwana. Mayi ake anakhala pansi ndi kapu ya phala lozizira.

"Yewo, mwabwera," anatero mayiwo. "Sakudya, mama. Mbwenu kungoyang'ana khoma."

Mtisunge anagwada, nawapatsa moni ndi manja awiri, kenako anakankhira Sumaiya pabedi. "Malo ako ndi amenewo." Iye anakhala pansi pa simenti.

Sumaiya anagwira phazi la mnzake. Linali lozizira. Anayang'ana Mtisunge kuti mwina ayimbe, poti ndiyo ntchito yake, koma iye anangopukusa mutu. Ndiye Sumaiya anafunsa chinthu chokhacho chimene chinkamuvuta usana ndi usiku, chimene aliyense ankachilambalala.

"Iness, unali utamusankhira dzina?"

Mapewa a Iness anagwedezeka. Mawu ouma ngati tsamba anatuluka.

"Angel."

Kenako chifuwa chinatseguka. Kunali kulira koyipa, kosweka, kwa munthu amene wakusunga nthawi yaitali. Mitu inadzuka m'mabedi onse. Mayi ake anadzidzimuka, phala kutayikira pachitenje.

"Ndapota, asalire! Anthu akumva. Akanena chiyani kumudzi?"

Mtisunge anaimirira. Anamasula chitenje chija m'chiuno, natsala ndi buluku lake pamaso pa amayi onsewo, nachitambasula ndi manja awiri pakati pa bedi ndi wodi. Ndipo anayamba kuyimba.

Sanayimbe monong'ona. Anakweza mawu monga amachitira pabwalo lodzaza, nyimbo ija ya mvula yoyamba imene mtsikana aliyense m'dziko muno amaidziwa. Wina anakuwa, "Ndi Mtisunge!" Odikirira odwala anathamanga kuchokera pakhonde, mafoni m'mwamba. Namwino anabwera kudzaletsa phokoso, naima pakhomo, milomo yake ikutsatira nyimbo. Onse ankaona woimba ndi mbalame zachikasu. Zakuseri kwa nsalu panalibe ankazimva.

Kuseriko Iness analira m'khosi mwa Sumaiya mpaka mpango unanyowa. Mayi ake anayang'ana nsaluyo, nayang'ana mwana wawo. Pang'onopang'ono anakwera pabedi, nabisa nkhope kumsana kwake, mapewa awonso akugwedezeka.

Nyimbo inatha, Mtisunge n'kuyiyambanso. Sumaiya ankaona manja a woimbayo pamwamba pa nsalu, thukuta likutsika m'zigongono, koma sanawatsitse. Anayimba mpaka kuseri kunachita bata.

"Mwamaliza, asisi?" anafunsa chapansipansi osacheuka. "Mikono yandithera."

Anafunditsa Iness chitenjecho kumapazi. Iness anamuyang'ana ndi maso otupa, osakhulupirira.

"Nanga kwa apongozi?" anafunsa Sumaiya.

"Nkhuku zikaseke." Anawerama, nagwira tsaya la Iness. "Angel ndi dzina lokongola." Anatuluka, khamu lonse likumutsata, wodi n'kutsala zii.

Iness sanachire tsiku limenelo. Anatembenukiranso kukhoma, ndipo Sumaiya anaopa kuti zonse zapita pachabe. Anatola kapu ija. Munatsala phala lochepa, lozizira, louma pamwamba. Anatunga ndi supuni, nadikira.

Zala za Iness zinkayenda m'mphepete mwa chitenje, kutsatira mokhota muja, pa mbalame zopanda mapiko.

"Wadula ndiwe, eti?"

"Ee."

"Sunasinthe."

Anatsegula pakamwa pang'ono, ndipo supuni inabwerera yopanda kanthu.